Mayi wa Maparishi Onse

Bambo Mlembi, wansembe wothandiza Episkopi mu ofesi, anaimirira kutsogolo kwa mapu a dayosizi, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu amene akudikira chibalo. Mapuwo anakalambira pakhoma la ofesi ya Ambuye Episkopi. M'makona anali atapindika, ndipo timisomali ta mitu yofiira tosonyeza maparishi tinali titayamba dzimbiri. Ambuye anatambasula dzanja, nazula kamsomali ka kumtunda kwenikweni, n'kukaponya m'kambale ka tiyi.

"Mupita ndinu, Bambo," anatero Ambuye. "Lamulungu likubwerali."

"Ambuye, kumeneko n'kwathu."

"N'chifukwa chake ndasankha inu. Ndikatuma wina, adzati tawatumizira mlendo wodzawalanda. Ndikapita ndekha, adzandiimbira nyimbo n'kundigwadira, za kukhosi osanena. Inu adzakulalatirani, koma adzakumvani."

"Chikondi chanu n'choopsa, Ambuye."

Ambuye anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa, kenako nkhope inabwerera mwakale. "Mukawauze zonse. Kuyambira mwezi wamawa mishoni ija ndi nthambi ya parishi ya m'tauni. Wansembe azipitako kamodzi pamwezi. Ukaristia usakatsale m'tabenakulo, m'kabokosi kake ka kuguwa kaja, poti kulibe wansembe wogona pafupi, ndipo zitseko zija ngakhale mbuzi ikhoza kutsegula. Chinanso, Bambo: musakawalonjeze chimene tilibe."

Aliyense mu dayosiziyo ankadziwa kuti zonse zinayambira pamishoni ya pamtundapo. Ansembe oyamba anafikapo wapansi, namanga kachisakasa kopemphereramo, kenako sukulu, kenako tchalitchi cha njerwa chimene belu lake linkamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Episkopi woyamba anakhala pamenepo, ndipo anagona pomwepo, kuseri kwa tchalitchi. Koma msewu wa tala utabwera unadzera kuchigwa, osakwera mtunda. Msika unatsata msewu, chipatala chinatsata msika, anthu anatsata zonsezo, ndipo pomaliza mpando wa episkopi nawo unatsetsereka. Mishoni inatsala ikungobereka. Nthambi iyi yakula, ikhale parishi payokha. Iyo yakula, ipatseni wansembe wake. Anthu anayamba kuitcha Mayi wa Maparishi Onse, ndipo pamisonkhano ikuluikulu dzina lake likatchulidwa ankaomba m'manja. Panalibe wofunsa kuti mayiyo watsala ndi yani pakhomo.

Tsono bambo mfumu, wansembe wamkulu wa kumeneko, nkhalamba imene akhristu ankaitcha Bambo Pang'onopang'ono chifukwa cha Misa zake zosatha, anaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno. Anamutengera kunyumba ya ansembe opuma, ndipo womulowa m'malo panalibe. Kuseminale ansembe ankatuluka ngati madontho a pampopi wouma. M'tauni wansembe mmodzi ankachita Misa kuyambira m'mamawa mpaka mawu kusasa, pamene kuchipatala chachikulu odwala ankatsirizika akuitana wowadzoza. Nkhaniyi itafika ku bungwe la alangizi a Ambuye, Bambo Mlembi anamvetsera, anasinkhasinkha, ndipo nthawi yokweza manja itakwana anakweza lake. Palibe anamukakamiza. Ankadziwa kuti ndi zoyenera. Sankadziwa kuti chinthu choyenera chikhoza kumukhala munthu pachifuwa ngati thumba la simenti.

Anafika kwawo Loweruka masana, galimoto itafiira ndi fumbi. Mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, anali kuyanika zovala, ndipo atamuona anasiya chidebe pansi.

"Bisani machimo, Abambo afika! Koma alamu, mwanenepatu. Kulikulu kuja kusala kudya anakuthetsa?"

"Ndi mkanjowu, alamu, umakuza munthu."

"Mkanjo umafika m'masaya?"

Anaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

Amayi ake anali pakhonde, kolona m'manja. Maso awo anali atachita ng'ala moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, komabe njira ya kutchalitchi ankaidziwa ndi mapazi, ndipo Misa ya m'mawa sinkawaphonya. Anamugwira nkhope, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, monga ankachitira ali mwana pofuna kudziwa ngati watentha thupi.

"Takulandirani, Abambo," anatero mokweza kuti oyandikana nawo amve. Kenako anatsitsa mawu. "Iwe Mzime, wabweranji osatumiza uthenga?"

Pakhomopo dzina lake linali limenelo, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa.

"Ndadzachita Misa mawa, amayi."

"Misa yokha?"

Iye anatembenukira kwa nkhuku zimene zinali kupalasa pafupi ndi tayala la galimoto.

"Basi, usandiuze," anatero amayi ake akubweza dzanja. "Ngati ndi za mpingo, ndikamvera m'tchalitchi pamodzi ndi anzanga. Sindifuna kugona ndi nkhani ndekha."

Achimwene ake anawapeza kuseri kwa nyumba, m'shedi mwawo mopalira matabwa. Anali kalipentala, komanso wapampando wa bungwe la parishi kwa zaka zambiri. Tsikulo anali kupala mwendo wa benchi la m'tchalitchi, utuchi uli mbuu m'tsitsi ndi m'nsidze.

"Wabwera naye?" anafunsa asanapereke ndi moni yemwe.

"Ndani, achimwene?"

"Wansembe watsopano. Nyumba tapaka laimu, denga la kukhitchini takonza, amayi a kwaya asoka makatani. Ukawauze Ambuye kuti sitisankha. Ngakhale atipatse wosamera ndevu, timulera."

Bambo Mlembi anakhala pa thabwa, nanena zonse monga anauzidwira. Ankayankhula akuyang'ana utuchi wa pansi. Atamaliza anazindikira kuti chopalira chinali chitasiya kulira kalekale.

"Nthambi," anatero achimwene ake, ngati akulawa mankhwala. "Nthambi ya ana a m'tauni aja? Amene tinkawatumizira katekisiti panjinga, akupempherera m'kalasi yobwereka?"

"Ansembe kulibe, achimwene."

"Nanga iwe ndiwe chiyani? Kalaliki? Wansembe wathunthu kukhalira kudinda mapepala ndi kunyamula chikwama cha Ambuye, kwanu guwa likuchita akangaude!"

Mawuwo anamulasa pamalo pamene iye mwini ankapewa kugwirapo. "Ine ndangotumidwa," anayankha. "Mthenga saphedwa."

"Mako ndi mako, Mzime, usamuone kuchepa mwendo. Bambo athu anasenza njerwa zokulitsira tchalitchi chimenechi mpaka pamutu panachita dazi. Iwe unabatizidwa momwemo. Tsiku lokudzoza unsembe unagona chafufumimba pa simenti yomweyo, ife tikulira ngati ana, tikuti Mulungu watikumbukira. Lero wabwera kudzatitsekera?"

"Sakutseka. Misa izichitika kamodzi pamwezi."

"Amayi aja uwauze choncho. Uwauze kuti azidikira Yesu ngati malipiro." Achimwene ake anapukuta manja pa buluku, nayandikira. Mawu awo anafewa, ndipo kufewako kunamuvuta kuposa ukali. "Tamvera, mng'ono wanga. Mawa usawerenge. Ukanene kuti nkhani ikadakambidwa. Ngati sungathe, werenga, koma uwonjezepo kuti n'zakanthawi. Utipatse mpata tikadzionere tokha kwa Ambuye. Anthuwa ukawathyola msana kamodzi sadzadzukanso."

Sanavomere, sanakane. Ananyamuka, nasansa utuchi pamkanjo, n'kupita kukaona chipinda chimene anam'konzera.

M'mawa mwake, m'chipinda chovalira cha kuseri kwa guwa, anachedwa kumanga lamba wa m'chiuno. Chipindacho chinkanunkha lubani ndi chinyontho monga kale, ndipo kabati ya zovala za Misa inali ikadatsekedwa ndi kapepala kopinda. M'mutu mwake munkazungulira timawu tiwiri: pakadali pano. Sitinali bodza lenileni. Ndani akudziwa za mawa? Mwina seminale idzadzaza, mwina msewu wina udzakwera mtunda. Akanangotinena, anthu akanapumira m'mwamba, akanamugwira chanza, amayi ake akanadya bwino masana. Koma ankawadziwa anthu a kwawo. Akanapaka nyumba ija laimu chaka ndi chaka, akanachapa makatani, akanathamangira panja galimoto iliyonse ikamveka kukwera mtunda, mpaka onse kutha mmodzimmodzi akudikira.

Belu linalira. Analowa.

Tchalitchi chimene kale anthu ankachita kuimirira m'makomo tsopano chinkadzaza theka. Munali nkhalamba, aphunzitsi angapo, ndi ana amene makolo awo anawasiya kwa agogo popita kukafuna ntchito. Kwaya inaimba mwamphamvu kuposa kuchuluka kwake, poti mwana wa pakhomo anali paguwa. Utatha Mthenga Wabwino, iye sanalalike. Anatambasula chikalata cha Ambuye n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, osalumpha liwu. Chikalatacho chinayamba ndi kutamanda mishoniyo, mbiri yake ndi ana ake, ndipo anaona anthu akugwedeza mitu mokondwa. Kenako chinafika pamene chinkapita.

M'tchalitchi munagwa bata loti ngakhale mleme wa kudenga unamveka kusuntha.

Mkulu wina wa ndodo, amene kale anali mphunzitsi wake wa katekisimu, anadzuka movutikira. "Pepani, Abambo, makutuwa anatha. Mwati mpaka liti?"

Bambo Mlembi anayang'ana benchi la kutsogolo. Achimwene ake anali kumuyang'anitsitsa, osaphethira, milomo ikugwedera pang'ono ngati akumuuzira yankho. Pambali pawo amayi ake anakhala tsonga, nkhope italoza kumene mawu ankachokera.

"Aphunzitsi," anatero, "ndikanakonda kunena kuti n'zakanthawi. Koma sindikuona wansembe akubwerera kudzakhala pano, m'masiku anu kapena anga."

Phokoso linabuka ngati njuchi zoponyedwa mwala. Mayi wina wa kwaya anayamba kulira mokweza. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Atigulitsa!" Pamenepo achimwene ake anaimirira, nakweza dzanja, ndipo anthu anatonthola chifukwa anali wapampando wawo.

"Bambo," anatero mwaulemu wozizira, "ine misonkhano ndimaidziwa. Nkhani yotere Ambuye saigamula okha. Pamakhala alangizi, pamakhala kukweza manja. Dzulo munandiuza kuti ndinu mthenga chabe. Ndikufunsani pamaso pa guwa: dzanja lanu linali kuti?"

Akanatha kunena kuti za m'bungwe siziululidwa, ndipo zikanakhala zoona.

"Linali m'mwamba, a Wapampando."

"Anakukakamizani?"

"Ayi. Kuchipatala cha m'tauni anthu akufa opanda wowadzoza. Kuli ana ambirimbiri osabatizidwa, ena mwa iwo ndi adzukulu anu omwe. Wansembe amene akanabwera kuno ndi yemweyo akufunika kumeneko. Ndinaona choncho, ndipo ndikuonabe choncho, ngakhale zikundipweteka."

"Zamveka," anatero achimwene ake. "Ndiye ife tikafuna kufa bwino, tizitsetserekera kuchigwa nthawi ikadalipo."

Anatola chipewa chawo, nayenda pakati pa mabenchi amene anawakhoma okha, n'kutuluka. Amuna anawatsatira. Kwaya inatsatira, ana anatsatira agogo awo, mlamu wake naye anatuluka atagwira pakamwa. M'tchalitchi munatsala amayi ake, mphunzitsi wa ndodo uja, ndi nkhalamba zina zochepa zimene mwina kudzuka kunazikanika.

Misa siimitsidwa panjira. Bambo Mlembi anapita paguwa, nakonza yekha mkate ndi vinyo. Panalibe nyimbo. Anatambasula manja kwa mabenchi opanda anthu.

"Ambuye akhale nanu."

Timawu ta nkhalamba tinayankha m'katimo. Koma pansi pa timawuto panamveka mawu ena, ambiri, olemera, ochokera m'mazenera.

"Akhalenso ndi mzimu wanu."

Anatembenuza maso. Anthu aja sanapite kwawo. Anali ataimirira panja, m'mbali mwa khoma ndi pansi pa mitengo ya kumanda, ena atafulatira, ena atapinda manja pachifuwa, nkhope zili ndwii. Anakana kukhala pamaso pake, koma kuisiya Misa pakati anakanika. Pakati pa mawuwo anamva besi ya achimwene ake, imene akanaizindikira ngakhale pamsika. Nthawi yogwada itafika anamva miyala ya panja ikulira pansi pa mawondo. Akanamutukwana zikanamupepukira.

Nthawi yolandira itakwana anatsegula tabenakulo. Chikho chachikulu chinali chodzaza ndithu, chifukwa wansembe wodutsa amene anabwera komaliza anapatula Ukaristia wambiri kuti akhristu asasowe. Anapatsa amene anali m'kati. Amayi ake anayankha "Amen" momveka bwino, osanjenjemera. Chikho chinali chikadali cholemera.

Lamulo linkamulola kutsiriza yekha wotsalawo. Anaima kanthawi, kenako anagwira chikho ndi manja awiri, natsika paguwa, nayenda mpaka pakhomo lalikulu. Dzuwa linamuthobwa m'maso. Anaima pamasitepe.

Palibe anasuntha. Mphepo inakweza ngodya ya chovala chake n'kuibweza. Anayamba kuganiza kuti abwerere.

Woyamba kubwera anali mlamu wake, maso ali psuu. Atafika pafupi ananong'ona, "Sindinadzere inu, alamu."

"Thupi la Khristu."

"Amen."

Pambuyo pake panabwera mayi wolira uja, kenako aphunzitsi, kenako amuna, mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana chikho osati nkhope ya wochigwira. Mzere unatha. Pansi pa chikho panatsala pang'ono, ndipo pansi pa mtengo panatsala munthu mmodzi. Bambo Mlembi anatsika masitepe n'kukaima pamaso pa achimwene ake.

"Lero ayi," anatero iwo motsitsa. "Mtima wanga uli nawe chifukwa. Sindingalandire ndi mtima wotere."

Bambo Mlembi anaweramitsa mutu, nabwerera paguwa, natsiriza yekha.

Misa itatha anthu anabalalika mwakachetechete, popanda zogwirana chanza za masiku onse. Iye anavula zovala za Misa, nazipinda, n'kubwerera m'tchalitchi. Kachitseko ka tabenakulo anakasiya kotsegula, monga amachitira mukakhala mopanda kanthu. Pambali pake, pakhoma, kanyali kofiira kosonyeza kuti Ukaristia ulimo kanali kakuyakabe. Anakokera mpando pafupi kuti akwerepo.

"Choka apo."

Achimwene ake anali ataima kumbuyo kwake, chipewa m'manja.

"Unayamba waithirapo mafuta nyali imeneyi? Ukudziwa kumene timagula chingwe chake?"

"Ayi, achimwene."

"Ndiye isiye. Aizimitse amene wakhala akuiyatsa."

Achimwene ake anakwera pampando, nachotsa galasi lofiira mosamala, nayang'ana kalawi kaja nthawi yaitali. Kenako ananyowetsa zala ziwiri ndi malovu n'kutsina chingwe. Kautsi kanakwera mowongoka, n'kupindika pafupi ndi denga.

"Kwa Ambuye tipitabe," anatero akutsika. "Bungwe lonse. Tikanena zathu, amve asamve."

"Bwerani. Chitseko ndidzakutsegulirani ndine, ndipo sadzakuuzani kuti atuluka."

"Usaganize kuti ndakukhululukira."

"Sindinaganize choncho."

"Chibale ndi fupa, amatero. Koma fupa limathyokanso, Mzime. Funsa Bambo Pang'onopang'ono."

Pabenchi la kutsogolo panamveka kutsokomola. Onse awiri anali ataiwala kuti amayi awo sanatuluke. Anali atakhala pomwe paja, ndodo pamiyendo, mphuno itakwezeka pang'ono.

"Ndikumva fungo la chingwe," anatero. "Yazima?"

"Yazima, amayi," anayankha achimwene ake.

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Bambo Mlembi anadikira mawu, alionse, ngakhale omutemberera. Ankafuna amve ngati akadali Mzime kapena watsala Abambo okha. Koma amayi ake anangotukula zigongono zonse ziwiri.

"Ndidzutseni. Miyendo yachita dzanzi."

Wina anagwira kumanja, wina kumanzere, osayang'anana. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Anawatulutsa pabenchi mpaka pakanjira ka pakati, nayamba kuwatembenuzira kukhomo. Koma amayi analimba, nazungulira okha kuloza kuguwa, kumene kachitseko kanali yasa. Bondo lawo lakumanja linayamba kupinda.

Bambo Mlembi anatsegula pakamwa kuti awakumbutse kuti m'tabenakulo mulibe kanthu tsopano. Anatsekanso. Amayi anali kutsika ndithu, pang'onopang'ono, mafupa akulira, ndipo akanawasiya akanagwa. Choncho ana awo awiri anatsika nawo limodzi, mpaka mawondo atatu anagunda simenti.